Louise Farrenc: mayi amene anapeka nyimbo zopanda mawu mumzinda wokonda opera

Anthu ambiri amene anamvapo dzina la Louise Farrenc analimvera pa nkhani ya malipiro. Amauzidwa kuti mayiyu anali mphunzitsi wa piyano pasukulu yaikulu ya zoimbaimba ya ku Paris, kuti kwa zaka zingapo ankalandira ndalama zochepa poyerekeza ndi aphunzitsi anzake aamuna, ndiponso kuti mu 1850 anadandaula kwa akuluakulu a sukuluyo ndipo iwo anamumvera. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo ndi yoyenera kuifotokoza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kawirikawiri imathera pomwepo, ngati kuti chinthu chachikulu chimene mayiyu anachita m'zaka 71 za moyo wake chinali kulemba kalata yodandaula. Ine ndimaona kuti kulimba mtima kwake kunaonekera kwambiri pa mtundu wa nyimbo umene anasankha kupeka, chifukwa anausankha akudziwa bwino kuti mumzinda umene ankakhalawo sungamubweretsere ndalama kapena kutchuka.

Iye anabadwira ku Paris pa 31 Meyi 1804, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Jeanne-Louise Dumont. Banja la a Dumont linali la amisiri osema ziboliboli kwa mibadwo ingapo. Bambo ake, Jacques-Edme Dumont, anali mmisiri wodziwika, ndipo mlongo wake, Auguste Dumont, ndi amene anaumba chifaniziro chonyezimira cha mapiko chimene chili pamwamba pa chipilala cha pabwalo la Bastille mpaka lero. Banjali linkakhala ku Sorbonne, pamalo amene boma linkasungirako mabanja a amisiri a luso losiyanasiyana, choncho mwanayu anakula akuona anthu akuluakulu akugwira ntchito ya luso tsiku ndi tsiku monga ntchito ina iliyonse yofuna thukuta. Ndikukhulupirira kuti zimenezi zinamuthandiza kwambiri, chifukwa m'nyimbo zake zonse mumamveka dzanja la munthu amene salola kusiya ntchito isanasalale.

Anayamba piyano ali wamng'ono, ndipo pambuyo pake analandira malangizo kwa akatswiri awiri otchuka a nthawi imeneyo, Ignaz Moscheles ndi Johann Nepomuk Hummel. Kuti mtsikana wa m'banja lophunzira aziimba piyano sizinali zachilendo ku France. Chachilendo chinachitika ali ndi zaka 15, pamene makolo ake anamulola kuphunzira kapekedwe ka nyimbo kwa Anton Reicha. Reicha anali wochokera ku Prague, anadziwana ndi Beethoven onse ali anyamata ku Bonn, ndipo ku Paris anadzaphunzitsa opeka nyimbo otchuka monga Berlioz, Liszt, Gounod ndi César Franck. Anali mphunzitsi pasukulu ija ya Conservatoire, koma makalasi a kapekedwe ka nyimbo pasukulupo anali a amuna okhaokha, moti mtsikanayo sakanatha kulembetsa monga wophunzira wamba. Atsikana ankaloledwa kuphunzira kuimba ndi mawu ndiponso kuimba piyano, kutanthauza kuti ankaloledwa kumveketsa nyimbo zimene ena apeka, koma khomo la kupeka kwenikweni linali lotseka. Kwa Reicha anaphunzira kalumikizidwe ka maliwu, kalukidwe ka mizere ingapo ya nyimbo yoyendera limodzi, komanso kalembedwe ka nyimbo za gulu lalikulu la zida. Reicha ankakonda kwambiri zida zouzira, ndipo aliyense womvetsera nyimbo za wophunzira wakeyu sachedwa kuzindikira kumene iye anatengera luso lake pa chitoliro, oboe ndi clarinet.

Mu 1821 anakwatiwa ndi Aristide Farrenc, woimba chitoliro amene ankasiyana naye zaka 10. Banja la akazi ambiri aluso a m'zaka zimenezo ndi limene linkathetsa ntchito yawo, koma kwa Louise zinayenda mosiyana. Aristide anatsegula kampani yosindikiza nyimbo imene inadzakhala imodzi mwa makampani olemekezeka ku France, ndipo anasindikiza nyimbo za Beethoven ndi Hummel pamodzi ndi za mkazi wake. Mu 1826 anabereka mwana wawo mmodzi yekhayo, Victorine. Louise anabwereranso kwa Reicha kukapitiriza maphunziro ali kale pabanja, chinthu chimene chikusonyeza kuti sankaona kupeka nyimbo ngati chosangalatsa cha pausinkhu wa utsikana.

Nyimbo zake zoyambirira zinali za piyano yokha, ndipo zambiri zinali za mtundu umene unkagulidwa msanga: kutenga kanyimbo kodziwika n'kukasinthasintha m'njira zosiyanasiyana. Ngakhale m'ntchito yooneka yopepukayi anasiyana ndi anzake. Mu 1836 Robert Schumann, wopeka nyimbo wa ku Germany amene sankachedwa kudzudzula nyimbo zongodzionetsera zochokera ku Paris, anayamikira m'magazini yake ya ku Leipzig nyimbo ya Farrenc yosinthasintha kanyimbo ka ku Russia, ndipo chimene anaona mwa iyo chinali udongo ndi kumalizika bwino. Kenako kunabwera nyimbo 30 zophunzirira piyano, zodutsa m'makiyi onse (kiyi ndi mndandanda wa maliwu umene nyimbo imakhazikikapo, monga A minor kapena E major), zimene mu 1845 sukulu ya Conservatoire inazisankha kuti ophunzira piyano azizigwiritsa ntchito.

Apa m'pofunika kumvetsa mmene Paris analili. M'zaka za m'ma 1830 ndi 1840 wopeka nyimbo wofuna dzina ndi chuma mumzindawu anali ndi njira imodzi yaikulu, yomwe inali opera, sewero loimbidwa lokhala ndi zovala zokongola, magule, khamu la oimba ndi nkhani zogwira mtima. Mayina a Rossini, Auber, Halévy ndi Meyerbeer ndi amene ankadzaza nyumba za zisudzo. Njira ina inali ya oimba piyano othamanga zala, amene ankasangalatsa anthu olemera m'zipinda zawo zochezera. Simfoni, imene ndi nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zida yopanda mawu ngakhale amodzi, inkaonedwa ngati katundu wa ku Germany ndi Austria. Anthu a ku Paris ankafuna kumva simfoni za Haydn, Mozart ndi Beethoven, koma analibe chidwi ndi simfoni yatsopano ya Mfalansa mnzawo. Bungwe la Société des Concerts du Conservatoire, limene François Habeneck analiyambitsa mu 1828, linali ndi oimba aluso kwambiri, koma mapulogalamu ake ankadzaza ndi Beethoven. Wopeka amene akanafuna kuti simfoni yake imveke nthawi zambiri ankayenera kulipira yekha holo, oimba ndi okopera manotsi. Berlioz, yemwe anali mwamuna ndiponso wolemba m'nyuzipepala womveka, anavutika ndi ngongole chifukwa cha zimenezi.

Louise Farrenc sanapeke opera ngakhale imodzi. M'malo mwake, mu 1834 analemba nyimbo ziwiri zotsegulira za gulu lalikulu la zida, ndipo m'zaka za 1841, 1845 ndi 1847 anamaliza simfoni zitatu. Pakati pa ntchito zimenezi analemba nyimbo za timagulu ting'onoting'ono ta zida, zimene ineyo ndimaziona kuti ndi mtima wa ntchito yake yonse. Berlioz atamva imodzi mwa nyimbo zotsegulira zija anaiyamikira, koma anawonjezera kuti luso loterolo silipezekapezeka mwa akazi. Olemba ena ankamutamanda ponena kuti nyimbo zake zili ndi mphamvu yachimuna. Mawu oterewa ankanenedwa ngati chiyamiko, koma ankatanthauza kuti ntchito yake iziyesedwa ndi muyeso wina, ndipo womvetsera ankayamba wadabwa kuti wapeka ndi mkazi asanamve n'komwe chimene nyimboyo ikunena.

Tiyeni tiyandikire nyimbozo. Mu 1839 ndi 1840 analemba nyimbo ziwiri za zida zisanu, yoyamba mu A minor, yachiwiri mu E major. M'malo mwa mavayolini awiri, monga anadzachitira Schumann ndi Brahms, iye anasankha piyano, vayolini imodzi, viola, cello ndi double bass, chida chachikulu chija chimene woimba amachita kuimirira nacho. Hummel ndi Schubert anali atagwiritsapo kale ntchito msanganizo umenewu. Ubwino wake umamveka mukatchera khutu pansi: popeza double bass ndi imene yanyamula maziko a nyimbo, cello imamasuka n'kukwera m'mwamba kukaimba nyimbo yakeyake, ndipo dzanja lamanzere la woimba piyano silikakamizika kumangogunda pansi. Farrenc anali katswiri wa piyano, choncho akanatha kuipatsa piyano ulemerero wonse n'kusiya zida zinazo zikungovomereza. Piyano imathamanga ndithu m'nyimbozi, nthawi zina kwambiri, koma imadziwanso kukhala chete n'kuperekeza pamene viola kapena cello ikulankhula. Kumvetsera nyimbozi kuli ngati kukhala pabwalo pamene akulu akukambirana nkhani mwaulemu, aliyense akudikira mnzake amalize, koma onse akudziwa kumene nkhaniyo ikulowera.

Mu 1842 anasankhidwa kukhala mphunzitsi wa piyano ku Conservatoire, pamene mkulu wa sukuluyo anali Daniel Auber. Anakhala pa udindowu zaka 30, mpaka kuchiyambi kwa 1873. Sanali mkazi woyamba kuphunzitsa piyano pasukulupo, popeza Hélène de Montgeroult anaphunzitsapo kwa kanthawi kuyambira mu 1795, koma palibe mkazi wina m'zaka za m'ma 1800 amene anagwira udindo wapamwamba chotere wophunzitsa chida kwa nthawi yaitali choncho. Ankaphunzitsa atsikana okhaokha, chifukwa makalasi anali olekanitsidwa, ndipo ophunzira ake ambiri ankapambana mphoto pa mipikisano ya kumapeto kwa chaka. Mmodzi mwa iwo anali mwana wake Victorine, amene analandira mphoto yoyamba mu 1844. Chowawa n'chakuti mayi amene anali atalemba kale simfoni sanaloledwe kuphunzitsa kapekedwe ka nyimbo pasukulu imeneyi, monga mmenenso sanaloledwere kukaphunzira pomwepo ali mtsikana.

Simfoni yake yoyamba, ya mu C minor, inakamveka koyamba ku Brussels mu 1845, motsogozedwa ndi François-Joseph Fétis, katswiri wa mbiri ya nyimbo amene ankamulemekeza kwambiri. Yachitatu, ya mu G minor, ndi imene inatsegula chitseko chovuta chija, pamene bungwe la Société des Concerts linaiimba mu Epulo 1849. Mwezi womwewo mzinda wonse unali pa opera yatsopano ya Meyerbeer yotchedwa Le prophète, imene inali ndi oimba ambirimbiri, kuwala kwa magetsi kofanizira kutuluka kwa dzuwa ndi ovina otsetsereka pa nsapato za timawilo. Ndimakonda kuika zinthu ziwirizi pamodzi, chifukwa zikuonetsa bwino chimene Farrenc ankapikisana nacho. Iye anabwera ndi gulu la zida lochepa, lopanda ngakhale malipenga aakulu ophokosera, n'kudalira mphamvu ya kamangidwe ka nyimboyo basi.

Simfoniyi imayamba mwakachetechete, oboe ikuimba kamzere kafupi kachisoni, ndipo zida za nsambo zisanachedwe zimalowa ndi liwiro losakhazikika limene silipumanso mpaka gawo loyamba litatha. Gawo lachiwiri ndi limene ndimabwererako kawirikawiri. Clarinet imatenga nyimbo yaitali yodekha, ndipo pansi pake pamamveka mahoni ndi bassoon, pamodzi ndi ng'oma zikugunda motsitsa kwambiri. Kawirikawiri ng'oma zimasungidwira malo aphokoso, koma pano zimagunda pang'onopang'ono pansi pa nyimbo yofatsa, ndipo zimapangitsa kuti mtendere wa clarinet umveke ngati chinthu chimene chingathe kusokonezeka nthawi ina iliyonse. Gawo lachitatu limathamanga mopepuka, ndipo lomaliza silithawira ku chisangalalo chongopangira, limakhalabe m'kiyi yake yakuda mpaka kumapeto. Palibe mphindi imene ndimamva kuti wopekayo akungodzaza malo.

Ndiyenera kunena chilungamo pa mfundo imodzi imene okonda Farrenc ena amaizemba. Iye sanali wosintha zinthu monga Berlioz, amene ankafuna kuti gulu la zida lizifotokoza nkhani, maloto ndi zoopsa. Chinenero cha nyimbo zake ndi cha Haydn, Mozart ndi Beethoven, ndipo m'malo ena chimayandikira Mendelssohn. Amene akufuna zachilendo zodzidzimutsa sadzazipeza mwa iye. Koma sindivomereza kuti zimenezi zikumuchepetsa. Kusankha njira ya Beethoven ku Paris wa m'ma 1840 kunali kupita kumene khamu silinkapita, ndipo kunkafuna luso lovuta kwambiri kubisa ngati palibe, chifukwa mu simfoni mulibe woimba wa mawu okoma kapena zovala zonyezimira zophimba pamene nyimbo yafooka. Tiyeneranso kukumbukira kuti mibadwo ya Afalansa imene inadzatsitsimutsa nyimbo za zida pambuyo pa 1870, ya Saint-Saëns, Franck ndi Fauré, inapeza njirayo italambulidwa kale ndi anthu ochepa amene sanaitaye, ndipo Farrenc anali mmodzi wa iwo.

Tsopano tifike pa nyimbo imene inabala nkhani ya malipiro ija. Mu 1849 analemba Nonet, nyimbo ya zida 9 mu E-flat major: chitoliro, oboe, clarinet, honi, bassoon, vayolini, viola, cello ndi double bass. Taonani kuti piyano palibe. Mphunzitsi wa piyano, wodziwika ndi piyano, analemba nyimbo yake yotchuka kwambiri popanda chida chake, ndipo palibe amene akanati anabisala kumbuyo kwa zala zake. Vuto la zida 9 n'lakuti n'zambiri moti zikhoza kusanduka phokoso la gulu lalikulu, komanso n'zochepa moti chida chilichonse chimamveka poyera. Farrenc amazisiyanitsa m'magulu awiri, zouzira ndi za nsambo, n'kumaziyankhanitsa, kenako n'kuzisakaniza m'njira zosayembekezeka. M'gawo lachiwiri kanyimbo kamodzi kosavuta kamadutsa m'manja osiyanasiyana, ndipo nthawi iliyonse kamasintha nkhope malinga ndi chida chimene chakanyamula. Nyimboyi inaimbidwa koyamba mu Malichi 1850 mu holo ya Érard, ndipo pa vayolini panali Joseph Joachim, mnyamata wa zaka 18 amene anadzakhala mmodzi wa oimba vayolini otchuka kwambiri a m'zaka zimenezo ndiponso bwenzi la Brahms. Anthu anailandira ndi manja awiri. Chaka chomwecho Farrenc analembera Auber kupempha kuti malipiro ake afanane ndi a aphunzitsi aamuna, ndipo pempho lake linavomerezedwa. Anali ataphunzitsa zaka pafupifupi 8 akulandira zochepa. Chimene chimandikhudza n'chakuti ntchito imene ankalipidwira inali yophunzitsa piyano, ndipo pa ntchito imeneyo ophunzira ake anali atasonyeza kale kuti sachepa kwa aliyense, komabe panafunika chipambano china chapoyera, cha ntchito ina, kuti chilungamo chichitike.

Zaka zotsatira anapitiriza kupeka. Analemba nyimbo ya piyano ndi zida zisanu zouzira mu C minor, msanganizo umene Francis Poulenc anadzaugwiritsa ntchito patapita zaka pafupifupi 80, komanso nyimbo za zida zitatu, ina yokhala ndi clarinet, ina yokhala ndi chitoliro, chida cha mwamuna wake. Bungwe la Académie des Beaux-Arts linamupatsa mphoto ya Chartier, yolemekeza nyimbo za timagulu ting'onoting'ono, kawiri konse, mu 1861 ndi mu 1869.

Koma pofika nthawi imene mphotozo zinkabwera, iye anali atatsala pang'ono kusiyiratu kupeka. Victorine, amene anali atayamba kudziwika monga woimba piyano waluso, anadwala kwa zaka zambiri ndipo anamwalira mu 1859 ali ndi zaka 32. Kuchokera pamenepo mayi ake analemba nyimbo zatsopano zochepa kwambiri. Mphamvu zake anazitembenuzira ku ntchito imene iye ndi mwamuna wake anaiyamba, yosonkhanitsa ndi kusindikiza nyimbo zakale za piyano ndi zida zina zofanana nayo, kuyambira m'zaka za m'ma 1500 mpaka m'nthawi yawo. Mabukuwa, otchedwa Le Trésor des pianistes, anatuluka kuyambira mu 1861 mpaka mu 1872 ndipo anakwana 23. Aristide anamwalira mu 1865 ntchito ili pakati, ndipo Louise anaimaliza yekha. M'mabukuwa muli nyimbo za Couperin, Rameau, Scarlatti, Handel ndi ana a Bach, zimene oimba ambiri a nthawiyo sankazidziwa kapena ankaziimba mmene afunira. Farrenc anafufuza mmene tizizindikiro ta zokometsera nyimbo tinkaimbidwira m'nthawi ya eni akewo, n'kulemba malongosoledwe ake, ndipo iye ndi ophunzira ake ankachititsa makonsati oimba nyimbo zakalezi kuti anthu azimve ndi makutu awo. Masiku ano kuimba nyimbo zakale motsatira kaimbidwe ka nthawi yake ndi nthambi yaikulu ya maphunziro a nyimbo, ndipo iye anali m'gulu la anthu oyambirira kuiona kufunika kwake. Zimandipweteka kuganiza kuti munthu amene anathera zaka zake zomaliza akupulumutsa nyimbo za ena kuti zisaiwalike analibe womuchitira zomwezo.

Anamwalira ku Paris pa 15 Seputembala 1875, ndipo nyimbo zake zinazimiririka mofulumira. Chifukwa chimodzi n'chooneka ndi maso: ngakhale mwamuna wake anali wosindikiza nyimbo, simfoni zake zitatu sizinasindikizidwe iye ali moyo, chifukwa kusindikiza manotsi a gulu lalikulu kunali kodula ndipo ogula kunalibe. Nyimbo imene ili m'mapepala olembedwa pamanja mulaibulale imodzi singaimbidwe ku mzinda wina, ndipo nyimbo yosaimbidwa siilowa m'mabuku a mbiri. Fétis anali atadandaula kale kuti anthu amangokhulupirira mayina amene akuwadziwa, ndiponso kuti wopeka nyimbo zazikulu za zida ku France analibe pozimveketsera. Pamwamba pa zimenezi panali maganizo akuti mkazi wopeka simfoni ndi chinthu chongodabwitsa chosafunika kuchisunga. Mpikisano wa Prix de Rome, umene unkatsegulira achinyamata njira ya ntchito yopeka nyimbo, unayamba kulola akazi mu 1903, ndipo Lili Boulanger anakhala mkazi woyamba kupambana mphoto yake yaikulu mu 1913, patatha zaka 38 Farrenc atamwalira.

Kubwerera kwake kunayamba ndi akatswiri ofufuza. Bea Friedland wa ku America analemba za moyo ndi ntchito zake cha m'ma 1970, ndipo pambuyo pake gulu la ku yunivesite ya Oldenburg ku Germany, motsogozedwa ndi Freia Hoffmann, linakonza ndi kusindikiza nyimbo zake za magulu aakulu ndi aang'ono, kuti oimba akhale ndi manotsi oika patsogolo pawo. Manotsiwo atapezeka, zojambulidwa zinayamba kutuluka, ndipo lero simfoni zonse zitatu zikupezeka, kuphatikizapo zimene Laurence Equilbey anajambula ndi gulu lake la Insula pogwiritsa ntchito zida za mtundu wa nthawi ya Farrenc. Simfoni yachitatu tsopano imaimbidwa m'maholo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America, ngakhale kuti nthawi zambiri imaikidwabe pa makonsati apadera okumbukira akazi, m'malo moikidwa pa pulogalamu wamba pafupi ndi Mendelssohn kapena Schumann, pamene ine ndikuona kuti m'pamalo pake.

Kwa amene sanamvepo nyimbo zake, ndingalangize kuyamba ndi gawo lachiwiri la simfoni yachitatu, kenako kuimvetsera yonse kuyambira pachiyambi. Pambuyo pake atenge Nonet, ndipo paulendo wachiwiri asankhe chida chimodzi, kaya bassoon kapena viola, n'kuchitsatira chokhacho kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti aone mmene wopekayu anachipatsira zonena zake. Nyimbo ya zida zisanu ya mu A minor ibwere pomaliza, makamaka kwa amene amakonda piyano.